Mmene a Dokotala Anandipezera ndi Pakati

Mukadzafika pa Chiringa n'kumva anthu akufunsa telala wina wa imvi kuti achira liti, chonde musadzaseke nawo. Telalayo ndine, ndipo nkhaniyi ndinaiputa ndekha.

Matenda anga enieni ndi chidwi. Chinthu chikandizunguza mutu, ngakhale ulusi umakana kulowa pa singano. Ndiye a Dokotala Muhiwa atasiya ntchito yochita anthu opaleshoni pachipatala chachikulu mumzinda, n'kudzakhala kwawo kufupi ndi Fort Lister, n'kuyamba kulemba nkhani zoseketsa m'nyuzipepala ya Loweruka, ine mtendere unandithera. Nkhani zawozo ndinkawerengera anthu pakhonde pomwe ndimasokera, mpaka akabaza ankaimika njinga kudzamvera. Koma munthu wophunzira chotero angasiye bwanji mpeni n'kumalemba za apongozi ndi mbuzi zakuba? Ena ankati anaiwala sizasi m'mimba mwa munthu wamkulu. Ena ankati anawalodza. Ine ndinafuna kukamva ndekha.

Kungofika pakhomo pa munthu n'kumufunsa chomwe anasiyira ntchito ndi mwano. Choncho ndinaganiza zodwala. (Mayi a kunyumba ndinawauza kuti ndikukayeza munthu suti, ndipo tepi ndinaikoleka m'khosi kuti akhulupirire.)

Ndinapalasa njinga, pachitunda n'kumaikankha, mpaka ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali bambo wamfupi, wosaseka konse. Zimenezi zinangowonjezera chidwi changa. Titapatsana moni ndinapinda nkhope n'kuwauza kuti m'mimba simukundipatsa mtendere. Anati iwo anapuma, ndipite kuchipatala. Ndinabuula. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anandigoneka pabenchi.

Apa ndi pomwe zinthu zinayamba kuthina. Bodza la matenda limafuna munthu wodziwa matendawo, ndipo ine ndimadziwa nsalu basi. Anadina kumanja n'kufunsa ngati pakupweteka. Ndinavomera. Kumanzere, ndinavomeranso. Anadina bondo, ndinati pamenepo ndiye penipeni. Ndinkaopa kuti ndikakana kamodzi andiuza kuti ndizipita ndisanafunse funso langa. Anafunsa ngati m'mawa ndimachita nseru, ngati fungo la anyezi wokazinga limandinyansa, ngati ndimalakalaka mango osapsa. Zonse ndinavomera, mwina n'kuwonjezerako tsabola. Atafunsa ngati ndimalakalaka dothi la pachulu, ndinayankha kuti dzulo lomweli ndadya.

Anakhala pansi, nkhope ili gwa.

"Bambo, nkhani yake ndi yabwino," anatero. "Muli ndi pakati. Muyambe sikelo msanga."

Ndinalakalaka benchi litang'ambika kuti ndilowe pansi. Ndinadzuka n'kuulula zonse, za sizasi zomwe. Sanakwiye. Anati poti ndabwera kale, ndipo maso anga sakuwasangalatsa, andiyeze magazi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachipangizo komanga pamkono kaja. Atayeza anayezanso, ndipo ulendo uno nkhope yawo sinali ya sewero. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndikapanda kuyamba mankhwala tsiku lina ndidzagwera pa makina osokera osadzukanso. Ine amene ndinabwera ndi matenda obwereka ndinapezeka ndili ndi anga.

Pomasula kachipangizoko ndi pomwe ndinaona manja awo. Ankanjenjemera, moti chomangiracho chinawavuta kuchotsa. Anaona kuti ndaona.

"Yankho lanu ndi limeneli," anatero. "Dzanja likaphonya papepala timafufuta. M'mimba mwa munthu mulibe chofufutira."

Anandiuzanso kuti zaka zonse zija odwala ankawauza zinthu zoseketsa kwambiri, koma dokotala saloledwa kuseka, ndiye panopa akubweza. Potsanzikana anapempha ngati angalembeko za ine. Ndinavomera msangamsanga. (Ndinkaganiza kuti alemba za masuti anga. Munthu akamakalamba nzeru zimayamba kutsikira m'maondo.)

Loweruka lina nyuzipepala itafika, anthu anasonkhana pakhonde monga mwa masiku onse. Mutu wa nkhani unali wosalakwa, wonena za alendo a pakhomo. Ndinayamba kuwerenga mokweza, mawu n'kumawakometsera. Anthu anaseka za mlendo wobuula. Nanenso ndinaseka. Nditafika pa bondo mawu anayamba kuchepa. Dzina sanalembe, anangoti telala wina wa imvi, wa tepi m'khosi. Ndinayesa kudumpha ndime, koma mayi Nahuwo, ogulitsa mandasi pafupi nane, anandilanda pepalalo n'kumaliza okha. Pa dothi la pachulu anawerenga kawiri. Onse anatembenuka kuyang'ana khosi langa, ndipo tepi inali pomwepo.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Mayi a kunyumba sanafunse za suti. Anangondiikira mbale ya mango osapsa patebulo, n'kundiuza kuti ndisamanyamule zolemera. Koma nditawauza za magazi kuseka kunatha, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza okha kuchipatala. Mpaka lero mchere amaubisa ngati mankhwala a makoswe.

Mwina mukuganiza kuti ndinatengapo phunziro. Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma sabata yatha ndamva kuti ku Nkhulambe kuli m'busa wina amene anasiya mpingo waukulu n'kuyamba kuweta nkhumba, ndipo palibe akudziwa chifukwa chake. Njinga ndapopa kale. Chatsala n'kupeza tchimo loti ndikalape, loti akandifunsa mafunso ndisakasowe poyankha.