Mmene Ndinagwera Chafufumimba Pamapazi a Apongozi

Mpaka lero apongozi anga aamuna amakhulupirira kuti pali tchimo limene sindinaulule. Ndikayamba kufotokoza za mpira, amangondisisita paphewa n'kusintha nkhani.

Tili anyamata tinali ndi timu yathu ku Kabwata. Bwalo linali fumbi lokhalokha, ndipo jezi unkailandira ikadali yonyowa ndi thukuta la mnzako. Ine ndinkasewera nambala seveni, ndipo liwiro ndinali nalo (mimba mukuionayi inabwera pambuyo). Mpira ndinausiya tsiku limene mnofu wakumbuyo kwa ntchafu unang'ambika ndili pa liwiro. Ndinamva ngati wina wandigenda, koma nditacheuka kunalibe munthu.

Chaka chatha Ba Mulenga, amene anali goloboyi wathu ndipo tsopano amaphunzitsa masewera kusukulu, anatiitana tonse otsala kuti tiseweretu kamodzi. Anzathu atatu tinali titawaika kale m'manda, ndipo Ba Mulenga anati atopa kumangokumana pamaliro. Nditadandaula za mwendo, anaseka.

"Iwe mudala, iyo ni nkhani ing'ono. Ugwade pansi, munthu akugwile mu akakolo, manje uyambe kugwela kutsogolo pang'onopang'ono, osapinda m'chiuno. Mnofu ukamalimbana uku ukutambasuka, ulusi wake umatalika, ndiye sung'ambika msanga ukathamanga. Koma uyambe na katatu chabe, wamvela?"

Katatu? Ndinaona ngati andinyoza.

Poyamba sindinafune kuti kunyumba kwathu ku Chelstone adziwe, choncho ndinakola mapazi kunsi kwa sofa. Sofayo inanditsatira. Tsiku lachiwiri ndinakola zidendene kunsi kwa geti, koma galu wa aneba anabwera kudzandinyambita kuphazi, ine ndili pakati pa mlengalenga ndi simenti (zimene ndinanena pamenepo sizilembeka). Ndiye Loweruka ndinadzichepetsa, n'kupempha mkazi wanga.

"Bambo ake Chikondi, mawondo amenewa ali ndi ana asukulu," anatero, koma anagwadabe pakhonde n'kundigwira akakolo.

Koyamba ndinatsika bwino. Kachitatu ntchafu zinayamba kunjenjemera. Ndikanalekera pomwepo, koma mkazi wanga ananena mawu amene ndinali ndisanawamve kwa zaka zambiri: "Ii, kani mphamvu zilipobe!" Basi, mutu unakula. Ndinafika kasanu ndi katatu, kenako kakhumi, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo.

Ndili pakati pa ulendo wakhumi ndi chiwiri, geti linatseguka. Analowa apongozi kuchokera ku Makeni, atavala jekete yawo yakutchalitchi, Baibulo lili m'khwapa. Mkazi wanga, mwana woleredwa bwino, anadzambatuka kukawalandira. Akakolo anga anawaiwala.

Ndinagwa chafufumimba, manja atatambasuka, mphuno pafupi ndi nsapato zawo. Misozi inatuluka yokha. Apongozi anayang'ana mwana wawo, amene anali ataphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Iwo anaganiza kuti akulira.

"Dzukani, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Chilichonse chimene mwachita, tikambirana."

Ndinayesa kudzuka, koma ntchafu zonse ziwiri zinakungana ngati chingwe chonyowa.

"Sindingathe, atate."

"Ndiye kuti n'chachikulu," anatero. Anavula chipewa, nagwada pambali panga, n'kuyamba pemphero. Anapempherera banja lathu, ana athu, ndi mkazi wina aliyense amene mwina akukhudzidwa. Pamenepo mkazi wanga anathawira kubafa n'kutsegula mpopi kuti kuseka kusamveke.

Mpira unali Lachitatu, pa tsiku la tchuthi. Ndinakwera minibasi ya ku Kabwata chokwawa, kondakitala akundikankha kumbuyo ngati gogo uku akuti, "Pang'onopang'ono, ba shikulu." Ba Mulenga atandiona ndikuyenda ngati bakha sanafunse zambiri. Anandilozera benchi, n'kundipatsa thumba la malalanje kuti ndizisenda.

Ndinakhala pamenepo kuonerera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankathamanga. Madala a imvi ankayenda ndawala, kupuma atagwira m'chiuno, kutukwanana ndi maina akale. Liwiro limene ndinadzipwetekera silinafunike n'komwe. Fumbi lokha ndi limene linali lisanasinthe fungo.

Chakumapeto mpira unagubuduka n'kudzaima pamapazi anga. Bwalo lonse linakuwa, "Kamphepo! Kamphepo, bweza!" Dzina langa lakumpiralo ndinali nditaliiwala ngakhale ine mwini. Ndinaimirira, lalanje lili m'manja, n'kuumenya ndi mtima wonse. Mpira unapita kolakwika, ntchafu inandiluma, ndipo ndinakhala pansi m'fumbi ndikuseka, maso atanyowa.

Wanzeru akanati zakwana. Ine ndagula kale nsapato zampira pasalaula, pogulitsira zovala zakale, ndazibisa m'katoni ya mabuku akale a ana.