Supuni ya a Gogoda

Apongozi anga aamuna sankakhulupirira pepala, ankakhulupirira supuni. Pa okushoni ya galimoto zangozi, zija a inshuwalansi amagulitsa akaona kuti kukonza n'kutaya ndalama, aliyense ankawerenga chikalata chomata pagalasi. Iwo ankayala katoni, n'kulowa kunsi kwa galimoto chagada, n'kumagogoda chesisi, msana wachitsulo wa galimoto, ndi supuni ya tiyi, khutu lili tcheru. N'chifukwa chake anthu ankawatchula kuti a Gogoda.

Chikalatacho chimaika galimoto m'magulu anayi: yokaphwanya yonse, yochotsako masipeyala basi, yopindika chesisi koma yotheka kuwongola, ndi yongokalika khungu. Maguluwo ankawadziwa pamtima, koma ankati wolemba chikalata sagona pansi, amaopa kudetsa malaya. Wolembayo atawafunsa tsiku lina ngati supuni yawo inapita kusukulu, anamuyankha kuti ayi, koma siinathamangirepo kukaweruka. Apongoziwo ankaikanso ngakhale anthu m'magulu omwewo. Ine tsiku limene ndinakaonekera kwawo anandizungulira kawiri, n'kuuza akazi awo kuti uyu ndi wongokalika, akufunika penti yokha.

Nditachotsedwa ntchito ndinaganiza zogula minibasi yonyamula ana asukulu. Makolo ena anali atandilonjeza kale ana khumi ndi awiri, kuwonjezera pa mapasa anga. Tsiku loonetsa galimoto ndinaipeza, yoyera mbee, chikalata chikuti yongokalika, ndipo mapasawo anasankhiratu mpando wachiwiri. Apongozi analowa kunsi. Anagogoda kutsogolo, anagogoda pakati, anabwerezanso pakati pomwepo. Potuluka sankaseka.

"Bambo a mapasa, iyi isiyeni."

"Koma bambo, pepala likuti ili bwino."

"Pepala silidzakweramo."

Mawu awo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Pa tsiku la malonda ndinakweza dzanja, nawonso anakweza. Ndikatchula mtengo iwo ankaonjezera, mpaka anthu anayamba kugwira nthiti poona mkamwini ndi apongozi ake akulimbirana chitsulo ngati agalu pafupa. Anapambana ndi iwo, ndipo kuti alipire anagulitsa pikapu yawo yomwe. Sabata isanathe minibasi ija anaidula ndi galayinda pagalaja pawo, n'kugulitsa zitseko, mipando ndi injini pachokhapachokha.

Zinandipweteka, sindibisa. Ndinkati nkhalamba yachita kaduka, sikufuna kuti ndiime pandekha. Kwa zaka zitatu ndinkangowapatsa moni wapakamwa, pagalaja osapondapo. Mkazi wanga akandinyengerera ndinkamuuza kuti aphike supuni ya bambo akeyo tidye.

Atagonekedwa m'chipatala ndinapita chifukwa cha manyazi. Anali ataonda, koma pakamwa pokha panali pasanachite dzimbiri. Namwino atawafunsa mmene akumvera, anati:

"Lembani gulu lachiwiri, mayi. Magalasi a masowa ndi wotchi zikadali bwino, muchotse. Zinazo kaphwanyeni."

Wodi yonse inaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. Ndinkafuna kupepesa, koma ndinati ndidzalankhula nawo mawa. Mawa lakelo anatisiya.

Maliro atatha, apongozi aakazi anandipatsa makiyi kuti ndikasese galaja. Kuseri kwa matayala ndinapeza chidutswa cha chesisi chokulunga m'thumba, chili ndi penti yoyera ija. Zinali zitsulo za mabasi awiri osiyana, zowotcherera mwaulesi, pamwamba atamata phala lobisira mabala a galimoto kuti msoko usaoneke. Nditachiponda chinathyoka pakati. Mabauti a mpando anali adakali pomwepo, ndipo nditawerenga mabowo ndinaona kuti unali mpando wachiwiri.

Ndinawafunsa amayiwo chifukwa chimene bambo sanandionetsere.

"Ankati mudzabwera pagalaja, akuonetseni okha. Chaka chilichonse ankasintha thumbalo likang'ambika."

Ndinakhala pa tayala n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Masiku ano pa okushoni pali zii. Anthu amawerenga chikalata, amajambula ndi foni, amabwerera kwawo malaya ali oyera. Supuni ija ili ndi ine. Ndimayala katoni, ndimalowa kunsi, ndimagogoda kutsogolo ndi pakati, ndipo ena ayamba kunditchula dzina lija la a Gogoda. Koma kunena zoona sindimva kanthu. Zaka zitatu zimene akanandiphunzitsa kumvetsera ndinazithera kukwiya.