Magalimoto a pa Mlatho wa Songwe

Chiphaso changa chophunzitsira kuyendetsa ndege chidakalipo, koma si chifukwa cha nzeru zanga.

Chaka china ananditumiza ku Karonga ndi kandege ka mipando iwiri kuti ndikaphunzitse wailesi ndi GPS, kamakina kolozera njira kudzera pa setilaiti. Wophunzira wanga anali Tumpale, mayi wa ku Kaporo, wofatsa ndi waulemu wopitirira muyezo. Ndinamupatsa malamulo awiri: maso pa makina, ndipo m'mwamba pakamwa pasatuluke mawu opanda ntchito. (Mawu opanda ntchito onse ndinkayankhula ndine.)

Tsiku lina tinayenera kufika pamwamba pa Kaporo n'kubwerera. Malo ndinasankha ndekha pa GPS, mwachangu, osaona kuti ndadina dzina lina limene mnzanga anasungamo, la kutsidya, ku Tanzania. Njira ndi yomweyo, kungoti iyi sithera m'Malawi. Ndipo mphunzitsi wodumpha malire popanda chilolezo amabweza chiphaso.

Inali nthawi ya dzinja, madzi atasefukira. Kwa ine mwana wa ku Thyolo, minda yonse ya mpunga inali thaphwi limodzi. Ndinali kalikiliki kufotokoza za mabatani a wailesi pamene Tumpale anatsokomola n'kunena kuti denga la mayi ake analikonza bwino. Ndinamukumbutsa kuti sitinabwere kudzaona anthu.

Patapita kanthawi anatsokomolanso.

"Aphunzitsi, magalimoto achuluka lero pa mlatho."

"Iwe, ino si minibasi. Makina akuti chiyani?"

"Akuti tipitirire."

"Ndiye pitirira."

Anapitiriradi. Kwawoko munthu wamkulu samuuza kuti walakwa, amamusonyeza mlatho kuti aone yekha. Ine mlatho wa Songwe, wa pamalirewo, sindinauyang'ane n'komwe.

Kenaka wailesi inalankhula. Munthu wa mawu achilendo anafunsa kuti ndife ndani ndipo tikufuna chiyani m'dziko mwawo. Ndinachita mantha. Batani limene ndakhala ndikuphunzitsa zaka zonsezi ndinalidina, koma mawu osatuluka.

Tumpale anatembenuza ndege modekha. Anapereka nambala yathu mwa dongosolo lake, kenaka anawonjezera Chiswahili: anawalonjera, kuwafunsa za kunyumba, n'kupepesa katatu. Mawu opanda ntchito okhaokha. Bamboyo anaseka, nati tiyende bwino.

Titatera, abwana athu anali atamva zonse pa wailesi ya pansi. Anafunsa amene anasankha malo pa makina. Ndisanatsegule pakamwa, Tumpale anayankha kuti aphunzitsi amafuna aone ngati wophunzira angazindikire kuti wasochera, ndiye iye anachedwa kuzindikira. Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana nsapato zanga, ndipo manyazi amenewo ndikadali nawo.

Mpaka lero ophunzira ndimawauza kuti maso pa makina. Koma wa ku Karonga akangotsokomola, ndimayamba ndasuzumira pa windo.