Masharubu a pa Tsamba 84

M'nyengo ya mvula ya 1999, pakoleji ya ntchito zamanja panafika aphunzitsi a makompyuta atanyamula katoni ya mabuku khumi ndi awiri, olemba iwo eni. Kumaso kwawo kunali kosalala ngati mbale, koma mwezi usanathe aliyense ankawatchula kuti a Masharubu.

Dzinali linabwera chonchi. Pakompyuta ukasunga zinthu pamndandanda, monga mayina a ophunzira, ndiye ukufuna kutengapo chimodzi, umalemba nambala yake pakati pa mabulaketi. Anthu ambiri ankalemba a makona. Buku la aphunzitsiwa, pa tsamba 84, linkafuna opotana aja, ooneka ngati masharubu, ndipo iwo ankawajambula pabolodi pang'onopang'ono, lilime lili panja.

"Nambala yopanda masharubu ndi kamwana," ankatero. "Kompyuta singaipatse ulemu."

Wophunzira akalemba a makona, iwo ankatulutsa cholembera chofiira n'kumeretsa masharubu mzere uliwonse. Akuti tsiku lina anameretsa ngakhale panambala ya pachitseko cha a pulinsipolo.

Amene ankawadziwa bwino anali mayi a ku laibulale, odinda tsiku m'buku lililonse lobwerekedwa. Lamulo la kumeneko linali lakuti buku likatha zaka ziwiri osabwerekedwa, lichoke pashelefu. Kuyambira 2012 ophunzira ankapeza zonse pafoni, osabwerekanso mabuku a aphunzitsi aja m'laibulalemo. Choncho Lachiwiri lililonse, teni koloko, a Masharubu ankalowa, n'kutsokomola ngati mlendo.

"Mayi, ndamva kuti muli ndi buku labwino la makompyuta."

"Lilipo, aphunzitsi, koma wolemba wake ndi wamakani."

"Anthu anzeru amatero. Ndipatseni lachisanu ndi chiwiri. Lachisanu ndi chimodzi ndamaliza."

"Kodi akusiyana?"

"Ili nkhani yake ikuyenda mwachangu."

Mayiwo ankadinda, osaseka. Kenaka aphunzitsi ankakhala pampando wa pafupi ndi zenera ola lathunthu, kufotokoza za bondo lawo, za denga lodontha, za mphaka wa aneba. Mayi anazindikira msanga kuti nkhani zimenezi zinalibe kwina kokazitula. Nawonso kwawo ankatsegula ndi kutseka chitseko okha, ndiye sankawathamangitsa.

Pa 9 Malichi 2021 makompyuta atsopano anayatsidwa. Ophunzira makumi atatu anakopera tsamba 84 monga mwa nthawi zonse, ndipo makompyuta makumi atatu anayankha ndi zilembo zofiira.

"Aphunzitsi, yakana," anatero mtsikana wa kutsogolo.

"Yakana chiyani?"

"Masharubu anu. Ikuti kalembedwe kameneka kanathetsedwa."

A Masharubu anamusuntha, nakhala pansi, nakonza tayi.

"Iwe," anauza kompyuta, "ine ndinayamba kulemba izi agogo ako ali ndi chimsana chotere, akulira ngati chigayo. Wabwera dzulo."

Analemba katatu. Inakana katatu. Anaizimitsa kuti iganize bwino, koma itayaka maganizo ake anali omwewo.

A pulinsipolo sanachulutse mawu: bukulo likonzedwe temu isanathe, apo ayi lichoke, kaya ladindidwa kangati. Tsopano Lachiwiri linakhala la sizasi ndi guluu. Malo olakwika anali 63 m'buku lililonse. Mayi ankadula timapepala tokhala ndi mabulaketi a makona, aphunzitsi n'kumamata.

"Lero timeta angati, mayi?"

"Mmodzi yekha. Sabata yatha munamata chala chanu pa tsamba 90."

Pa 15 Juni anafika pa buku lomaliza. A Masharubu analitsegula, naliyang'ana nthawi yaitali, natseka botolo la guluu.

"Enawo ndi a fotokope," anatero. "Ili ndiye lenileni. Anatayipa ndi mayi a kunyumba. Makina awo otayipira analibe masharubu, ndiye ankasiya mpata, n'kudzajambula ndi cholembera, amodziamodzi. Ankandinena kuti ndikadakwatira wojambula. Taonani apa, dzanja linatopa."

Mayi a ku laibulale anasuzumira. Inki inali itafiira, ndipo masharubu ena analidi opendekeka. Ankakumbukira maliro a akazi a aphunzitsiwo, pa 2 Meyi 2008, koma za cholemberazi anali asanamvepo.

"A pulinsipolo ati onse khumi ndi awiri," anatero aphunzitsi chapansipansi.

Mayi anakoka bukulo, nadinda tsiku lobwereka. Pamalo a tsiku lobweza sanadindepo.

"Labwerekedwa," anatero. "Sindingamete buku lomwe palibe."

Khumi ndi limodzi aja anatsala pashelefu, atafufuma ndi guluu, opanda cholakwa ngakhale chimodzi. Aphunzitsi anaphunzitsa chaka china ndi mabulaketi a makona, mofulumira, atafulatira kalasi. Ophunzira onse anakhoza, koma palibe anatuluka m'kalasimo ndi nkhani yokasimba. Vuto la bondo lija litakula, mwana wawo wamkazi anati bambo sangakhalenso okha.

Masiku ano m'laibulale mumamveka fani basi. Ophunzira amabwera kudzatchaja mafoni, ndipo amanong'ona mwaulemu. Mayi amatha sabata yonse osatsutsana ndi munthu, ndipo akabwerera kwawo madzulo amapeza kuti mawu ali phwii kukhosi, osagwira ntchito.

Tsiku lomwe aphunzitsi ankachoka, galimoto ya mwana wawo inaima pageti pomwe. A Masharubu sanalowe kudzatsanzika. Anangogogoda pazenera la laibulale, nakweza chipewa. Linali Lachisanu, pa 30 Sepitembala 2022.