Nsomba Zanga Zinathera pa Maliro a Eni

Ine ndili ndi khoka ku nyanja ya Chirwa, nsomba ndimagulitsa kwathu ku Namitambo, ndipo lamulo lotseka nyanja nthawi ya dzinja sindinalikondepo. Akuti nsomba ziswane. Nanga ana anga nawonso atseke pakamwa mpaka nyanja itsegulidwe?

Ndiye chaka chatha, nyanja ili chitsekere, ndinaponya khoka mwakachetechete, nkudzaza dengu ndi timakumba tating'ono towamba, pamwamba nkuphimba ndi masamba a nthochi. Mpamba wanga wonse unali mmenemo.

Ndikuyandikira kwathu pa njinga, ndinamva njinga yamoto kumbuyo. Kucheuka, mayo ine, mlangizi wa za nsomba, yemwe uja analanda khoka la mnzanga nkulitentha! Mwamwayi pamsewu panali masamba osonyeza maliro. Ndinatsika, nkuvula chipewa, nkukhotera kusiwa nkhope ili gwa, ngakhale womwalirayo sindinkadziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Ndisanaimike nkomwe njinga, amayi ophika anandizungulira.

"Ambuye akudalitseni achimwene, ndiwo zinatithera!"

Dengu lija linapita pamutu. Ndikanati chiyani, anthu akulira? Misozi inatuluka yeniyeni, moti agogo ena anandisisita pamsana nkumati ndilimbe mtima.

Ndikupukuta maso, njinga yamoto ija inaima pomwepo. Munthu sankandithamangitsa ayi, womwalirayo anali azakhali ake! Anadzakhala pafupi nane, ndipo chakudya chitabwera tinapatsidwa mbale imodzi. Iye ankangotembenuza kansomba, kukayang'ana, nkukatafuna, nkutenganso kena. Ine thukuta kamukamu.

Kenako mkulu wolengeza zipepeso anaimirira.

"Pali bambo wina wabweretsa dengu lathunthu la nsomba. Aimirire tiwaone, anthu otere ndi osowa masiku ano!"

Amayi aja anandiloza onse pamodzi. Ndinaimirira. Nditakhala pansi, mlangizi uja anasamba m'manja, nkundinong'oneza:

"Bambo, tiana iti simunatiphe nyanja ili yotsegula. Ndikanakutengani, koma umboni ndadya ndekha."

Ndinabwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu, mayi a ana nkundifunsa ngati malonda anayenda. Ndinati anayenda kwambiri, mudzi wonse unadya.

Lamulo lija sindilikondabe. Koma nyanja akatseka, ine ndimagulitsa nandolo, ndipo ndikaona masamba pamsewu ndimayamba ndafunsa kuti wamwalira ndi mbale wa ndani.