Chikwapu cha Hendo Yopepuka

Nkhani iyi anthu a pamsika wa Chawama aikamba mokwanira, ndipo ena akuwonjezeramo zoti ndinalira. Sindinalire. Manyazi okha ndiye ndinachita, aakulu ndithu, koma ndikufuna muimve kwa mwiniwake chifukwa mpaka lero ndikuti mtima wanga unali wabwino.

Ine ndine Tembo. Ndimasoka nsapato ndi malamba m'kashopu ka malata kuseri kwa azimayi a salaula, ogulitsa zovala zakale za m'mabelo. Kwathu ku Katete ndinakula ndikuluka zikwapu za ng'ombe za pangolo, ndiye za chikumba musandiphunzitse.

Tsiku lina m'mawa panaima mayi wina wa suti ndi magalasi akuda, pefyumu yake kuposa fungo la guluu wanga. Anandionetsa chithunzi pa foni.

"Ba Tembo, mungapange ichi?"

Chinali chikwapu, koma osati cha kwathu. Chinali ndi michira yambirimbiri ya chikumba chofewa ndi chogwirira, kapena kuti hendo, chachifupi cholukidwa bwino.

"Michira si problem," anatero. "Nkhani ni hendo. Nifuna ilemeko. Mukaiika pa chala apa pamene michira iyambira, isagwele kutsogolo. Hendo ikapepuka, kwanja kumalema fast."

Ndinaona kuti mayiyu si mlendo pa zinthu izi.

"Muli na ng'ombe zambili, madam?"

"Nilibe ng'ombe."

"Ni agalu?"

Anaseka, natsitsa mawu. "Ni cha ba husband."

Ananyamuka, nkundisiya ndi singano m'kamwa.

Ntchito ndinaigwira, musaganize kuti ndinaikana. Ndinapempha kathabwa ka mukwa kwa kalipentala wa pafupi, ndinakasema, ndinakaboola pakati kuchokera kumapeto. M'bowomo ndinalowetsa manati akale a minibasi, limodzi limodzi, uku ndikuyesa pa chala. Chikwapu chikagwera kumichira, ndiwonjezera nati. Chikagwera kumbuyo, ndichotsa. Pamapeto chinakhala pa chala changa phee, osapendekera kulikonse. Ndinatseka bowo ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, ndinakulunga hendo ndi timalamba takuda tolukana, mfundo yozungulira kumapeto kuti isapulumuke m'dzanja.

Kenako ndinachiyesa pa mpando wa makasitomala. Chinalira kuti phwa, fumbi kobo.

Apo mpamene nkhope ya munthu amene sindinamuonepo inandibwerera. Mwamuna mnzanga, mwina wa msinkhu wanga, akuthamanga m'sitting room atavala vesti, kumbuyo kwake madamu ndi ntchito ya manja anga.

Madzulo ndinauza amake Joyce, mkazi wanga.

"Anakuuzani kuti bamalila?" anafunsa, osasiya kusenda impwa.

"Mwamuna sanganene. Ni manyazi."

"Atate ake Joyce, sokani nsapato. Za m'nyumba za bantu muzisiye."

Sindinazisiye. Ine ndine wachiwiri kwa tcheyamani wa gulu la abambo ku tchalitchi kwathu, ndipo timaphunzitsa kuti nkhanza m'banja zilibe kuti wamenya ndi mwamuna kapena mkazi.

M'mawa mwake ndinamasula mfundo ija, ndinagumula guluu, ndinakhuthula manati onse. M'bowomo ndinaphatikamo siponji ya matiresi akale nkulukanso monga poyamba. Kunja chinali chokongola chimodzimodzi, koma hendo inapepuka ngati phesi la chimanga. Ndinati madamu akamenya kawiri katatu dzanja litopa, mnzangayo apumako.

Koma mtima sunakhazikike. Madamu ataimba foni kuti Loweruka adzatuma amuna awo kudzatenga, ndinatsala pang'ono kugwa pa benchi. Kumutuma munthu kuti akadzitengere yekha chikwapu chake! Ndinapita kwa ba Mwale, mkulu wa mpingo wathu, bambo wa imvi amene sasekaseka. Ndinauzanso ba Esnart, tcheyaledi wa azimayi a salaula, kuti pakhale mayi wa nzeru. Cholakwa changa chinali chimenecho, pakuti ba Esnart akadziwa chinthu, mzere wonse wa salaula wadziwa.

Loweruka linakwana. Anafika bambo wochepa thupi, wa jezi ya bulauni, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ankatsimphina mwendo wakumanzere. Ba Esnart anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu.

"Ndine Phiri. Nabwela kutenga parcel ya madam."

"Nkhalani pansi, ba Phiri," ndinatero. "Muli pakati pa abale."

Anakhala, maso uku ndi uku. Kuseri kwa mabelo azimayi anali atasiya makasitomala, ena atanyamula ana kuti aone bwino. Ba Mwale anatsegula ndi pemphero lalifupi, lopempha kuti omangidwa amasulidwe. Ba Phiri anati ameni mwaulemu.

"Mwendo mwachita bwanji?" ndinafunsa.

"Ni gout. Nyama yofiila."

"Eee, gout," anatero ba Esnart. "Bonse bamakamba so. Ine mlamu wanga anali kukamba ati anagwa mu bafa."

"Ba Phiri," ndinapitiriza, "tiziba vonse. Simuli mweka. Ngati mufuna, tiyende tonse ku police manje manje. Ngati muyopa kubwelela ku nyumba, kwanga kuli mpasa."

"Police ya chani?"

Ndinatulutsa chikwapu m'pepala nkuchikweza m'mwamba kuti onse aone. Azimayi anati hii. Wina kumbuyo anati mkazi wotere angomupatsa iye kwa mphindi zochepa.

"Ichi," ndinatero, "sinizakupatsani kuti mupeleke kuli uja muntu. Nakana."

Ba Phiri anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja.

"Nioneko."

Ndinawapatsa, poganiza kuti akufuna kuchitaya mu dreni. Iwo anasisita michira, ananunkhiza chikumba, kenako anaimika chala chimodzi nkuika hendo pamenepo. Chikwapu chinagwera kutsogolo, michira pansi m'fumbi. Anayesanso. Chinagweranso.

"Ba Tembo, madam sanakuuzeni za weight?"

"Anakamba, koma ine..."

"Iyi hendo ilibe kanthu mkati. Ni toy ya bana." Mawu awo anali ofatsa omwe aja, koma msika wonse unamva chifukwa panalibe wopuma. "Picture ija nine ninaisakila. Nine ninatuma madam, chifukwa ine nili na manyazi. Takhala pa ukwati zaka zambili, bana banakula, ndipo ivi tinagwilizana tabili. Chakale chinali chopepuka, sininali kumvela kanthu."

Ba Mwale anayang'ana denga la malata. Kenako ba Esnart anakhala pansi pa belo la majini, nayamba kuseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, ndipo mzere wonse unaphulika.

Munthu wanzeru akanapepesa nkulowa pansi pa tebulo. Koma ine chinandiwawa si kuseka. Chinandiwawa ndi mawu aja akuti toy. Ine Tembo wa ku Katete!

"Ba Phiri, musanitukwane pa nchito yanga," ndinatero mokweza. "Hendo iyo inali na balance kupambana ya pa picture. Ninachosa weight dala kuti nikupulumutseni."

"Bwezelanimo."

"Nizabwezela manje, muli pamene apo. Ndipo mukachimvela, muzanikumbuka."

Azimayi anagwa ndi kuseka kachiwiri. Ndinakhala pa benchi, khamu lonse likuonerera, nkumasula mfundo, kutulutsa siponji, kubwezera manati limodzi limodzi. Wachiwiri kwa tcheyamani wa abambo, thukuta kamukamu, kulemeretsa chikwapu cha munthu amene ndinamuitanira pemphero. Nditatha ndinachiika pa chala cha ba Phiri. Chinakhala phee.

"Iyi ndiye nchito," anatero ba Phiri. Anachikulunga m'pepala, anathokoza ba Mwale chifukwa cha pemphero, napita akutsimphina.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono, aliyense akuthamangira kukauza amene sanaone. Ba Mwale okha anatsala, manja kumbuyo, akuyang'ana nsapato zopachikidwa ngati akufuna kugula. Ndinadziwa kuti tsopano akubwera mawu a mpingo, mwina kundichotsa pa udindo. Ndinakonzeka kuwayankha kuti ndinachita zimene timaphunzitsa, ndipo mawa nditamva zotere ndidzachitanso.

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, nawerama pafupi ndi khutu langa.

"Tembo, ka size kang'ono, kokwana mu thumba la jekete, kangatenge masiku angati?"

Munthu musanamupulumutse, yambani mwamufunsa ngati akufuna kupulumuka.