Buku Lokhoma ndi Dimba la Apongozi

Nkhani iyi ndaibisa chaka chathunthu, koma ndaona kuti kubisako sikukundipindulira, chifukwa ena akuikamba kale ku Mlangeni kuno, ndipo akumathiramo mchere wochuluka. Bola ndiinene ndekha mwini wake wa manyazi.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndili pa chikamwini. Apongozi anga aakazi, aNangozo, ndi mayi wolimbikira ntchito ndiponso wopemphera, koma diso lawo siliphonya kanthu. Ukalima mzere amauyeza ndi maso. Ukadzuka dzuwa litatuluka amafunsa ngati m'nyumbamo muli matenda. (Safunsa ine ayi. Mwambo suwalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye zonse zokhudza ine amauza nkhuku, mokweza, ine ndili pomwepo.)

Chaka chatha analengeza kuti msana wayamba kuwavuta, choncho dimba lawo la kudambo, lomwe limabala mbatatesi kawiri pa chaka, alipereka kwa mmodzi mwa akamwini awo awiri. Akamwiniwo ndi ine ndi a Chisale, amuna a mng'ono wa mkazi wanga. Dimba limenelo ndinkalifuna ndi mtima wonse, pakuti choko chokha sichilera ana.

A Chisale anayamba kampeni yawo: kuwaza nkhuni, kukonza khola la mbuzi, kunyamulira apongozi mpando popita kumaliro. Ine, monga munthu wopita kusukulu, ndinati nkhondo iyi ndimenya ndi nzeru. Ndinafufuza pa intaneti mpaka ndinapeza buku lachingerezi lophunzitsa kukhala bwino ndi apongozi ovuta. Ndinaligula mwaulemu wake, osaba, ndipo linalowa m'foni mwanga mwakachetechete. Ndinakondwa kuti buku lopanda chikuto palibe angalione.

Pulogalamu yowerengerayo inali ndi kanthu kena kokoma: ukadina mzere, umatha kulembapo ndemanga yako. Bukulo linali lachingerezi, koma ndemanga ndinkalemba m'Chichewa, chifukwa mkwiyo wanga sudziwa Chingerezi. Wolemba akafotokoza za mpongozi wolowerera zilizonse, ine pansi pake: "Awa ndi aNangozo enieni." Pena: "Amadziwa nkhuku yanga yaikira liti ine ndisanadziwe." Penanso: "Kutchalitchi mngelo, kunyumba wapolisi wa pa rodibuloko." Ndipo pa mutu wonena za kuleza mtima ndinalemba mawu amene anadzandipachika: "Pirira mwana wa bambo, dimba lingotuluka basi."

Ndili pa mutu wachitatu, foni inagwa ndikutsika pa kabaza. Galasi linang'aluka kuchokera pakona n'kuchita nthambi zitatu, moti powerenga mawu ena ankabisala kuseri kwa mng'alu. Ndinakumbukira tabuleti yomwe achimwene anandibweretsera kuchokera ku Joni, ndipo ndinati bukuli ndilisamutsire mmenemo, zilembo zikhale zikuluzikulu.

Ndinalitumiza. Tabuleti inalilandira bwinobwino, koma nditati nditsegule inandiuza kuti mtundu wa fayilo imeneyi siiudziwa. Kumapeto kwa dzina la fayiloyo kunali zilembo zoti EPUB, pomwe tabuleti inazolowera PDF. Apa ndinachita nzeru zomwe mpaka lero ndimachita nazo manyazi: ndinafufuta zilembozo n'kulembapo PDF, ngati mmene munthu angapakire bulu mizere n'kumati ndi mbidzi. Tabuleti sinapusitsike. Ndinaikamo pulogalamu ina yodziwa EPUB, iyonso n'kundiuza kuti bukuli ndi lokhoma, limatsegukira m'chipangizo chomwe linagulidwira chokha. Ndinayesa kujambula tsamba ndi foni yomweyo, chithunzi chinatuluka chakuda bii. Ndinapsa mtima. Buku ndagula ndekha, koma likundiuza pokhala powerenga!

Loweruka ndinapita pamsika kwa bambo wina amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anthu amangowatchula kuti a Zonsezilipo, chifukwa chilichonse ungafunse yankho lawo ndi lomwelo. Ndinayang'ana uku ndi uku, kenako ndinawanong'oneza vuto langa.

"Aphunzitsi, loko ameneyu ndi wa azungu," anatero akuitembenuza foni ija. "Kumuthyola sindingathe. Koma nyumba ikakhomedwa chitseko, pawindo pamakhala poonera. Isiyeni, mubwere dzuwa likapendeka."

Nditabwerera ndinawapeza akupukuta thukuta. Njira yawo inali yachidule: anagoneka foni yanga pathebulo n'kumaijambula ndi foni yawo, tsamba ndi tsamba, kenako zithunzizo anazimanga pamodzi kukhala PDF. Batire inawathera pa mutu wachitatu.

"Ndajambulanso tsamba lomwe foniyi imasonkhanitsapo zolemba zanu zonse," anandiuza monyadira. "Ndaliika koyambirira kuti musavutike kufufuza."

Ndinawathokoza. (Inde, ndinawathokoza, ndi manja awiri.) Chomwe sindinadziwe n'chakuti a Zonsezilipo ali ndi mtima wopatsa. Aliyense wodzaikitsa nyimbo amamuponyera banyira, kaya ndi ulaliki, kaya ndi kafilimu koseketsa. Sabata imeneyo banyira anali buku langa.

Panadutsa masiku asanu ndi atatu. Lamulungu titaweruka ku Misa ndinaona amayi a m'kwaya akundipatsa moni wautali kuposa masiku onse. Wina anandifunsa ngati msewu wa kwathu uli ndi rodibuloko, anzake n'kubisa nkhope m'zitenje. Ndinangoseka nawo osadziwa kuti ndikuseka maliro anga omwe.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo, foni ili m'manja.

"Bambo a Tamanda, ichi n'chiyani chikuzungulira pa gulu la amayi a kutchalitchi?"

Ndinayang'ana. Linali buku langa lija. Chingerezi chonse chija amayiwo analibe nacho ntchito. Anawerenga tsamba loyamba lokha, la Chichewa chomveka bwino, lolembedwa ndi mphunzitsi wodziwa kuika mpumiro pamalo pake.

"Amayi aona?" ndinafunsa ndi mawu a mwana wa sitandade wani.

"Awawerengera ndi amayi a tcheya. Kawiri. Akukuyembekezani."

Tinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe akutongola chimanga, atatipatsa msana. A Chisale anali atakhala kale chapatali, nkhope ili ngati ya munthu wosadziwa tchimo. Ine ndinanjuta. Apongozi anawaza chimanga pang'ono, nkhuku zinasonkhana, ndipo mlandu unayamba.

"Nkhuku inu," anatero, "mwamva kuti pamudzi pano pali wapolisi? Ine ndimayesa ndine mayi."

Apa mdyerekezi anandinong'oneza, ine n'kumvera. Ndinatembenukira kwa mkazi wanga.

"Mayi a Tamanda, auzeni amayi kuti zolembazo zilibe dzina la munthu. Akamwini pakhomo pano tilipo awiri."

A Chisale anadzidzimuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira.

"Aphunzitsi, ine? Kameneka ngakhale chithunzi cha mwana wanga sikaonetsa!"

Apongozi sanatembenuke. Anangotambasula dzanja chakumbuyo n'kuuza mkazi wanga:

"Uwauze abambo a Tamanda andibwereke foni yawo. Ndi yakonso ubweretse."

Anaziika pamphasa moyandikana. Pa tsamba lililonse la PDF ija m'foni ya mkazi wanga panali mng'alu wochokera pakona, wa nthambi zitatu. Pa foni yanga panali mng'alu womwewo, nthambi zake zomwezo. Anauyendetsa chala pang'onopang'ono, uku kenako uku, ngati akusankha mbewu. Ngakhale nkhuku zinaleka kujompha.

"Za rodibuloko sindikudandaula," anatero pomaliza, akuuzabe nkhukuzo. "Mudzi wopanda wapolisi mbuzi zimatha. Za mazira n'zoona, ndimawerenga. Koma ine ndimati mwana uyu akamandipatsa moni m'mawa ndiye kuti wandikonda. Kani amapereka moni kwa dimba."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana. Ndinachita manyazi enieni, chifukwa ndinadziwa kuti sananame. Ndinapepesa kudzera kwa mkazi wanga, ndinapepesa kudzera kwa nkhuku, ndinapepesanso kwa a Chisale omwe ndinafuna kuwakankhira m'dzenje. Apongozi anamvetsera zonse, kenako anakung'untha chitenje.

"Uwauze ndawakhululukira. Koma munthu wowerenga mabuku tisamuvutitse ndi khasu. Dimba alime a Chisale."

Mawa lake ndinapita kwa a Zonsezilipo ndili ndi ukali wa njati. Anandimvetsera modekha, kenako anati, "Aphunzitsi, simunanene kuti n'zachinsinsi. Komanso anthu alikonda kwabasi, ena akufunsa ngati mulembenso." Ndinatuluka osatsanzika. Taonani chilungamo cha dziko: loko uja anakaniza ine ndekha, mwini wake wogula, pomwe Mlangeni yense anawerenga mwaulere.

Panopa mbatatesi za a Chisale zachita maluwa, ndipo ndikamadutsa kudambo popita kusukulu mtima umandiwawa ndithu. Koma dimba lija linabwera ndi mwini wake. Apongozi, msana womwe unkavuta uja, amafika kumeneko tsiku lililonse ndi kampando kawo, n'kumauza achule kuti mizere yakhota. Sabata yatha a Chisale anandiimitsa panjira, ataonda, maso atalowa m'kati.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "buku lija akuti limapitirira mutu wachitatu. Kutsogoloko akuti chiyani? Tandiikireniko penapake, wina azindimasulira."

Ndikanatha kukhala nawo pansi pa mtengo n'kuwawerengera, monga Mkhristu amene waphunzirapo kanthu. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana maluwa a mbatatesi aja, ndipo ndinapukusa mutu mwachisoni.

"Pepani a Chisale," ndinatero. "N'lokhoma."